Funsani za Kanema: pa masizoni awiri a The Exorcist, yoposa inzake ndi iti?

Makalata amene ndasankha mwezi uno onse akukamba za sewero limodzi la pa TV, The Exorcist, limene kanema wa Fox ku America anaonetsa mu 2016 ndi 2017. Ndikutsineni khutu tisanayambe: mafunso awa sindingawayankhe popanda kuulula zinsinsi za nkhaniyo. Amene simunaonere ndipo mukufuna kudzadzidzimuka nokha, sungani tsambali, mudzawerenge mukamaliza.

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndi mlamu wanga tamaliza masizoni onse awiri a The Exorcist koma mpaka lero sitikumvana. Ine ndikuti yoyamba ndiye inali ndi moto: mzinda wa Chicago, mtsikana wogwidwa ndi chiwanda, Geena Davis, ndi chinsinsi chija cha gawo lachisanu. Yachiwiri inandibowa, nkhani yake imachita kukwawa, ndipo banja la a Rance linangosowa. Mlamu wanga akuti ine sindidziwa kuonera filimu. Tagwirizana kuti mutiweruze ndinu.
Mnyamata wokonda zoopsa

YANKHO: Achimwene, mlandu uwu alamu anu awina. Koma zoti inu simudziwa kuonera filimu ndakana, chifukwa zonse mwatchulazo sizoni yoyamba inazichitadi bwino, ndipo ndiyambira pomwepo.

Zitamveka kuti Fox ikupanga sewero kuchokera ku filimu ya William Friedkin ya 1973, ambiri tinaipidwa nazo. Tinkati angofuna kudyera dzina lotchuka. Gawo loyamba litatuluka pa 23 Seputembala 2016, tinaona kuti Jeremy Slater, amene anayambitsa seweroli, anali ataganiza mofatsa. Angela Rance akupita kwa wansembe wa parishi yake, Bambo Tomas Ortega, kukadandaula kuti m'nyumba mwake mwalowa chinthu. Amene akumukayikira ndi mwana wake wamkulu, Kat, yemwe wangodzitsekera kuchipinda chichitireni ngozi ya galimoto imene inapha mnzake. Ife oonera nafenso maso onse ali pa Kat. Kenaka Tomas akukwera m'kachipinda ka kudenga, ndipo amene akumupeza mumdimamo, atagwira khoswe m'manja, thupi likupindika mosakhala bwino, ndi Casey, mng'ono wake wa Kat, mtsikana wansangala amene palibe ankamuganizira. Magawo oyamba abwino chonchi m'masewero oopsa ndi owerengeka.

China chimene sizoni yoyamba inapambana nacho ndi maonekedwe a chiwanda. Sichibwera ndi nyanga kapena zikhadabo ayi. Chimabwera chili bambo wachikulire wovala suti, wolankhula mofatsa, amene Casey yekha ndiye amamuona. Amakhala naye pansi n'kumamuuza kuti ndi wokongola, kuti m'banjamo samuwerengera chifukwa onse atanganidwa ndi Kat komanso bambo awo Henry, amene mutu sukuyenda bwino chivulalireni. Anasewera mbali imeneyi ndi Robert Emmet Lunney. Mukadzabwereza, muziyang'anitsitsa bamboyu gawo ndi gawo. Pamene akumugwira mtsikanayo mwamphamvu, sutiyo ikuthaitha, mano akuvunda, ndipo mawu okoma aja asanduka ukali ndi kuopseza. Aliyense amene anaonapo mmene munthu wamkulu amanyengerera mwana mpaka kumulanda mtima adziwa zimene olemba ankanena pamenepa. Ndiye pali za m'sitima zija m'gawo lachitatu, pomwe mwamuna wina akumugwiragwira Casey pamaso pa anthu, onse akungoyang'ana kumbali. Casey akamutembenukira timayamba ndi kumuchemerera, koma sipatenga nthawi kuti tizindikire kuti amene akukhadzula munthuyo si Casey.

Gawo lachisanu lija, ndikuvomerezani, linandiziziritsa nkhongono. Angela akuuza Tomas kuti dzina lake lenileni ndi Regan MacNeil, kamtsikana kaja kogwidwa ndi chiwanda ka m'filimu ya 1973, ndipo nthawi yomweyo mayi ake, Chris MacNeil, akugogoda pakhomo. Apo m'pamene tinadziwa kuti seweroli silikubwereza filimu ija, likuipitiriza patapita zaka zoposa 40.

Vuto langa ndi sizoni yoyamba likuyambira pomwepo. Chinsinsicho chikangoululika, tikuuzidwa kuti chiwandacho chinkafuna Angela kuyambira pachiyambi, Casey anali nyambo chabe. Magawo asanu athunthu tamunyamula mtsikanayu mumtima, kenaka nkhani ikumusiya pambali n'kutembenukira kwa mayi ake. Komanso mphamvu ya chinsinsicho si ya seweroli, ndi ya filimu ya Friedkin. Munthu amene sanaonerepo filimuyo akamva dzina lakuti Regan, palibe chimene chimamuchitikira m'thupi. Kuyambira pamenepo sizoni yoyamba ikuyenda itavala jekete la bambo ake: lokongola ndithu, koma mapewa ake ndi a munthu wina. Imfa ya Chris pa masitepe, khosi litapotoka, ndi chitsanzo. Imakoma kwa amene akukumbukira masitepe a ku Georgetown, pamene wansembe anagwa n'kufa m'filimu ya 1973, koma kwa ena ndi imfa ya gogo amene angomudziwa kumene.

Cholemetsa china ndi nkhani ya chiwembu. Anthu olemera a mu Chicago, monga Maria Walters ndi gulu lotchedwa Friars of Ascension, akupha amphawi, kuwachotsa ziwalo n'kuziotcha kuti phulusa lake aitanire ziwanda, ndipo cholinga chachikulu n'kupha Papa Sebastian akabwera kudzayendera mzindawo. Ganizo lakuti munthu wolemera angachite kupempha yekha chiwanda kuti chimulowe, pofuna mphamvu ndi moyo wautali, ndi labwino. Koma ziwanda zikayamba kukhala ndi misonkhano, atsogoleri ndi ndondomeko ya ntchito, mantha amachepa. M'filimu ya 1973 zoopsa zonse zili m'chipinda chimodzi chozizira, pamwamba pa masitepe, ndipo aliyense akamakwera kupita ku chitseko chimenecho mtima wa woonera umakhala m'mwamba. Seweroli likachoka m'nyumba ya a Rance kupita ku maphwando a anthu amasuti, ine ndinkangodikira kuti tibwerere.

Geena Davis, amene anasewera Angela, sindimulanda ulemu wake. M'magawo omaliza, Angela atalola kuti chiwanda chimulowe pofuna kupulumutsa mwana wake, mayiyu amaopsa ndi kumwetulira kokha. Ndipo nkhondo yake yomaliza, imene amamenya m'mutu mwake momwe, kenaka n'kutsala pa njinga ya olumala msana utathyoka, ndi mathero oyenera a Regan.

Tsopano sizoni yachiwiri, imene inayamba pa 29 Seputembala 2017, nayonso ya magawo 10. Pa kukwawa kuja muli ndi mfundo. Magawo awiri oyamba amataya nthawi yambiri ku Montana, kumene Tomas ndi Marcus Keane, mnzake wachikulire wozolowera kutulutsa ziwanda, akulimbana ndi chiwanda cha mayi wina dzina lake Cindy uku mwamuna wake akuwathamangitsa. Ntchito ya mbali imeneyi ndi kutionetsa kuti Tomas wayamba njira yachilendo, yolola chiwanda kulowa m'maganizo mwake kuti akalimbane nacho mkati, ndiponso kuti Marcus akuiopa njirayo. Zikanatheka m'gawo limodzi.

Koma pamene inu munkaona ngati palibe chikuchitika pachilumba chimene pali banja latsopano la sizoniyi, olemba anali akutchera msampha. Andy Kim, amene anamusewera John Cho, ndi bambo wofedwa mkazi, yemwe kale ankagwira ntchito yothandiza ana ovutika maganizo. Akulera ana amene alibe kwawo pachilumba china kufupi ndi Seattle: Verity amene watsala pang'ono kukwanitsa zaka 18, Shelby wokonda kupemphera, Truck wa thupi lalikulu ndi mtima wa mwana, Caleb wosaona, ndi kamtsikana kakang'ono Grace. Mkazi wake, Nikki, anadzipha podzimiza m'madzi. Kwabwera Rose Cooper, wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana, kudzaona ngati bambo yekha angakwanitse kulera ana onsewa. Choncho chiwanda chisanaoneke n'komwe, banjali lili kale ndi chimene likuopa kutaya.

Grace ndiye amandipangitsa kuti ndiike sizoni imeneyi patsogolo. Kamtsikanaka kamaopa kutuluka panja, kamakhala m'chipinda cha m'mwamba, ndipo kakachita mantha kamavala nsalu ya pilo kumutu, yojambulidwa nkhope. Andy amakapititsira chakudya, amakanyengerera, amakagwira dzanja kuti kayese kuponda pakhonde. Timamukonda bamboyu chifukwa cha kuleza mtima kwake ndi mwana ameneyu. Ndiye kumapeto kwa gawo lachinayi Verity akulowa m'chipinda chija. Mulibe bedi la mwana, mulibe zidole. Ndi chipinda chimene Nikki ankajambuliramo zithunzi, ndipo muli mbale za chakudya chovunda, zonse zimene Andy wakhala akupititsa kumeneko. Grace kulibe, ndipo sanakhaleko n'kale lonse. Mukabwerera m'mbuyo mupeza kuti palibe mwana wina kapena Rose amene analankhulapo naye. Chinsinsi ichi sichidalira filimu iliyonse yakale. Seweroli linachimanga lokha, pamaso pathu, m'magawo omwe aja munkati akukwawa.

Chiwandacho chikavula nkhope ya Grace chimavala ya Nikki mwini wake, amene anamusewera Alicia Witt. Apa m'pamene pagona kusiyana kwenikweni kwa masizoni awiriwa. Casey ankafuna kumasulidwa, ndipo banja lonse limodzi ndi ansembe linali mbali imodzi, chiwanda mbali ina. Andy sakufuna. Chimene ansembe akuchitcha chiwanda, kwa iye ndi mkazi wake amene wabwerera, wakhala m'mphepete mwa bedi, akumuuza kuti imfa ija sinali mlandu wake. Kuti amasulidwe ayenera kuika maliro a mkazi wake kachiwiri, ndipo nthawi ino mwa kufuna kwake. Kodi chiwanda mumachitulutsa bwanji mwa munthu amene akuchikumbatira? Sizoni yoyamba sinafunsepo funso lolemera chonchi. Gawo lachisanu ndi chiwiri limatilowetsa m'mutu mwa Andy pamene akumupempherera, ndipo kuchokera mmenemo Tomas ndi Marcus amaoneka ngati anthu ankhanza amene athyola nyumba ya eni n'kumanga mwini wake pabedi. John Cho anasewera mbali imeneyi mopanda phokoso, ndipo n'chifukwa chake imapweteka.

Palinso gawo lachitatu, la mtsikana Harper, limene ndimalilemekeza kwambiri. Mayi ake akulumbira kuti mwanayo ali ndi chiwanda, zizindikiro zikuoneka, ndipo Tomas wakonzeka kale kuyamba mapemphero. Marcus ndiye akukayika, mpaka zikudziwika kuti mayiyo ndi amene wakhala akumwetsa mwana wake mankhwala omusokoneza mutu. Sewero la ziwanda kuvomera poyera kuti nthawi zina palibe chiwanda, pali kholo lozunza mwana, si chinthu chapafupi. Verity nayenso ali ndi mabala ake. Anamutumiza ku malo ena kumene ankamuzunza m'dzina la mapemphero pofuna kumusintha chifukwa amakonda akazi anzake, ndiye akaona ansembe akumanga munthu ndi zingwe, mkwiyo wake ndi womveka. Seweroli silimutenga ngati wopusa.

Mathero ake amalemera mukakumbukira mbiri ya Marcus, imene tinauzidwa m'sizoni yoyamba. Ali ndi zaka 7 anaona bambo ake akupha mayi ake, ndipo iye anatenga mfuti n'kuwombera bambo akewo. M'gawo lomaliza Andy wagwira chiwanda mkati mwake kuti chisadumphire kwa Tomas, ndipo akupempha kuti amuphe chife naye limodzi. Amene akukoka mfuti ndi Marcus. Munthu amene moyo wake wonse wauthera pofuna kupulumutsa anthu wapha bambo wachiwiri, ndipo uyu anali bambo wabwino. Ben Daniels, amene anasewera Marcus, m'mphindi zimenezo sachita kulankhula zambiri, nkhope yokha imakwana. Onani kuti apa sizoni yachiwiri ikukolola zimene yoyamba inadzala, choncho musamve ngati ndikuti yoyamba ndi yotaya.

Chilema cha sizoni yachiwiri ndi chomwe chija cha yoyamba. Bambo Bennett, wansembe wa ku Vatican, ndi mayi wotchedwa Mouse akuthamangathamanga kufufuza ziwanda zimene zalowerera akuluakulu a ku Vatican, ndipo nthawi iliyonse nkhani ikachoka pachilumba, moto umazirala. Mwayi wake ngwakuti mbali imeneyi ndi yaifupi kusiyana ndi chiwembu cha ku Chicago.

Ngati muyeso wanu ndi kudumpha pampando, yoyamba ili ndi malo ambiri otero, ndipo palibe cholakwika kukonda zimenezo. Ine ndimayesa ndi zimene zimanditsatira ndikazimitsa TV, ndipo chimene chimanditsatira ndi mbale za chakudya chovunda zija. Khalani pansi ndi alamu anuwo mubwereze magawo anayi oyamba a sizoni yachiwiri, maso anu ali pa Grace yekha, muone amene akumuyankha akalankhula.

FUNSO: Ine ndine mayi wa Chikatolika. Ndapeza mwana wanga wa zaka 15 akuonera sewero limeneli pa foni. Kodi silinyoza Mpingo? Nanga zimene amachita ansembe mmenemo ndi momwe zimakhaliradi?
Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanalande foni. Ndikuuzani zonse ziwiri, zokoma ndi zowawa zomwe.

Zimene zingakukhumudwitseni zilipo. Bambo Tomas amaphwanya lumbiro lake ndi mkazi wa mwini dzina lake Jessica. Marcus amachotsedwa mumpingo m'sizoni yoyamba koma amapitirizabe kutulutsa ziwanda, ndipo m'sizoni yachiwiri amapsompsonana ndi mwamuna mnzake. Ena mwa akuluakulu a Mpingo, mpaka kadinala, akuonetsedwa ali ogwidwa ndi ziwanda. Zimenezi ndi zopeka za olemba sewero.

Mu Mpingo weniweni zinthu siziyenda mwachisawawa choncho. Lamulo la Mpingo nambala 1172 limati wansembe sangachite mwambo wotulutsa ziwanda popanda chilolezo chapadera cha episkopi wa dera lake. Buku la mwambowu, limene linakhazikitsidwa mu 1614, linakonzedwanso ndi Vatican mu 1999, ndipo limalangiza wansembe kuti asafulumire kunena kuti ndi chiwanda pamene munthu akudwala, makamaka matenda a maganizo, ndi kuti afunse madokotala pamene pakufunika. Seweroli limakhudzako zimenezi pamene episkopi akumukaniza Tomas chilolezo n'kumuuza kuti mtsikanayo akaonane ndi a zachipatala. Kungoti m'sewero wokaniza amaoneka ngati wotchinga njira, pamene m'moyo weniweni kusamala koteroko kwapulumutsa odwala ambiri. Nkhani ya Harper ndatchula pamwambapa ikugwirizana kwambiri ndi chiphunzitso chimenechi. Mwina mungakonde kudziwanso kuti Bambo Gabriele Amorth, wansembe wodziwika kwambiri pa ntchito yotulutsa ziwanda mu dayosizi ya Rome, anamwalira pa 16 Seputembala 2016, kutatsala sabata imodzi kuti seweroli liyambe, ndipo Friedkin anali atawajambula ali pa ntchito yawo, filimu imene inatuluka mu 2017.

Koma kunena kuti seweroli limanyoza chikhulupiriro, ine sindingavomere. Mulungu mmenemo ndi weniweni, pemphero lili ndi mphamvu, ndipo amene akupemphera amalipira mtengo wake. Mbali imene ndimaikonda kwambiri m'sizoni yoyamba ndi ya Mayi Bernadette ndi masisitere awo. Marcus anazolowera kukalipira ziwanda ndi mawu amphamvu. Sisitere wokalambayu, amene amakhala chete nthawi yambiri, amamukumbatira wogwidwayo n'kuuza mzimu woipawo kuti wakhululukidwa ndipo ukukondedwa. Marcus, ndi ukatswiri wake wonse, amakhala pansi n'kuphunzira kwa mayi ameneyu.

Za msinkhu, nkhawa yanga si ziwanda kwenikweni. Ndi nkhani ya kudzipha, kuzunza ana, ndi munthu wamkulu wonyengerera mtsikana. Kwa ine zaka 15 zachepa kuti mwana aonere zimenezi yekha usiku pa foni. Onerani nokha gawo lachitatu la sizoni iliyonse, ndiye muganize. Mukalola, muonere naye pamodzi kuti akhale ndi womufunsa.

FUNSO: Kodi ndiyambe ndaonera mafilimu onse ndisanayambe sewero la pa TV? Ndamva kuti alipo ambiri.
Wowerenga watsopano

YANKHO: Onse ayi, bwanawe. Imodzi yokha ndiyo yofunika, ya 1973, ndipo imeneyo musaidumphe ngati mukufuna kuti sizoni yoyamba ikukomereni. Inachokera m'buku la William Peter Blatty la 1971, limene analemba atamva za mnyamata wina amene ansembe anamupempherera ku America mu 1949. Linda Blair ndiye Regan, Ellen Burstyn ndiye mayi ake, ndipo ansembe awiri aja ndi Max von Sydow ndi Jason Miller. Inapikisana nawo pa mphoto 10 za Oscar n'kupata ziwiri, ya kalembedwe ka nkhani ndi ya kamvekedwe ka mawu. Imayamba pang'onopang'ono kuposa mafilimu a masiku ano, ndiye muipatse mpata. Muona kuti kapangidwe ka wansembe wachinyamata wokayika ndi wachikulire wotopa, kamene kali mwa Tomas ndi Marcus, kanachokera kumeneko.

Yachiwiri, Exorcist II: The Heretic ya 1977, ya John Boorman, isiyeni. Palibe chimene seweroli likutengamo chimene mungachisowe. Yachitatu, ya 1990, anaitsogolera Blatty mwini wake, ndipo ndi yabwino kwambiri kuposa mmene anthu amaiganizira. Ili ndi malo amodzi a mu khonde la chipatala amene okonda zoopsa amawatchula mpaka lero, ndipo mukawaona mudzamvetsa chifukwa chake gawo lomaliza la sizoni yachiwiri linatha mmene linathera. Ziwiri za 2004 ndi 2005, za Renny Harlin ndi Paul Schrader, zimafotokoza za Bambo Merrin, wansembe wachikulire uja wa m'filimu ya 1973, adakali wachinyamata. Ndi nkhani imodzi yojambulidwa kawiri chifukwa eni ndalama sanakhutire ndi ya Schrader, ndipo sizikhudzana ndi seweroli.

Chenjezo langa lili pa The Exorcist: Believer ya 2023, ya David Gordon Green. Imeneyi inapangidwa ngati kuti sewero la pa TV kunalibe. Chris MacNeil, amene m'sewero anafa m'sizoni yoyamba, m'filimuyi ali moyo, ndipo Ellen Burstyn anabwereranso kudzamusewera. Musavutike kulumikiza ziwirizi, ndi njira ziwiri zosiyana zochokera pa filimu imodzi ya 1973.

Sizoni yachiwiri mutha kuionera musanaone filimu iliyonse, koma musaiyambe musanamalize yoyamba, chifukwa ubale wa Tomas ndi Marcus umamangidwa kumeneko. Blatty anamwalira mu Januwale 2017, sizoni yoyamba itangotha kumene, choncho yachiwiri sanaione.

FUNSO: Ndasakasaka sizoni yachitatu osaipeza. Mnzanga akuti iye anaionera. Ilipo?
Mtsikana wa ku koleji

YANKHO: Achemwali, kulibe. Gawo lomaliza linaonetsedwa mu Disembala 2017, ndipo mu Meyi 2018 Fox inalengeza kuti seweroli latha. Ankalionetsa Lachisanu usiku, nthawi imene ku America anthu oonera TV amachepa, ndipo ngakhale olemba za mafilimu ankaliyamikira, chiwerengero cha oonera chinali chotsika kuyambira sizoni yoyamba, n'kutsikanso m'yachiwiri. Zimandiwawa, chifukwa seweroli linali litangophunzira kuima palokha. Maganizo a olemba anali oti sizoni iliyonse izikhala ndi banja latsopano ndi malo atsopano, ansembe okha ndiwo azipitirira, ndipo sizoni yachiwiri inaonetsa kuti njira imeneyo ikanagwira.

Nkhani ya ana a Andy inatsekedwa bwino, Rose ndiye anawatenga. Zimene zinatsala m'malere ndi za ansembe. Tomas wapita ndi Mouse. Marcus, amene wakhala akudandaula kuti Mulungu anasiya kumulankhula, wamvanso mawu ndipo watchula dzina la Tomas. Bambo Bennett adzuka m'chipatala chiwanda chitawalowa, atanyamula chisizasi chachikulu, potengera za mu khonde la chipatala zija ndanena pamwambapa. Mafunso amenewa sanayankhidwe pa kanema.

Mnzanuyo mumufunse kuti zimene anaonerazo munali ndani. Akatchula George C. Scott ali wapolisi wotchedwa Kinderman, wofufuza za kuphedwa kwa anthu ku Georgetown, ndiye kuti anaonera The Exorcist III, filimu ya 1990, osati sizoni yachitatu ya seweroli.